Limba la Mapaipi ndi Nyimbo Zojambula pa Bwalo la Nsapato za Matayala

Pa bwalo la ku Oaks Park, mumzinda wa Portland ku America, anthu ovala nsapato za matayala amazungulira pansi pa mapaipi a limba la kampani ya Wurlitzer, lomwe linapangidwa mu 1926 kuti liziimbidwa m'nyumba yoonetsera makanema ya Broadway Theatre, kenako linasamutsidwira kubwaloli mu 1955. Woimba limbali amayang'ana mapazi a anthu n'kumasunga liwiro logwirizana ndi kayendedwe kawo, pomwe nyimbo zojambula zimangolira chimodzimodzi ngakhale bwalo litadzaza ndi ana ongophunzira kumene. Zojambulazo n'zotsika mtengo ndithu, ndipo sizifuna mmisiri wokonza zikopa ndi mapaipi a m'limba. Limba la magetsi la Hammond, lomwe linatuluka mu 1935, limafuna woimba koma lilibe mapaipi. Kwa ine la Wurlitzer ndilo loposa, ngakhale kuti odziwa kuliimba pa bwalo lotere akusowa masiku ano.