Muli kale ndi digiri: njira zitatu zopezera chiphaso cha uphunzitsi ku America

Ngati muli ndi digiri ya masamu, sayansi kapena mbiri yakale ndipo mukufuna kuphunzitsa m'sukulu za boma ku America, simuyenera kuyambiranso zaka zinayi. Chiphaso chimaperekedwa ndi boma la chigawo (state) chomwe mukufuna kuphunzitsamo, ndipo yunivesite imangokukonzekeretsani ndi kukuikirani umboni. Choncho musanalipire kalikonse, funsani ngati chigawocho chinavomereza pulogalamu yawo.

Njira yachidule pa yunivesite ndi imene amaitcha post-baccalaureate. Mumangotenga maphunziro a kaphunzitsidwe amene digiri yanu inalibe, kenako mumapita kukaphunzitsa moyang'aniridwa. Ambiri amamaliza m'chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, ndipo ndalama zake zimakhala zochepako. Pomaliza mumatuluka ndi chiphaso chokha, opanda digiri yatsopano.

Njira yachiwiri, masitazi a uphunzitsi otchedwa Master of Arts in Teaching, imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri ndipo ndi yodula, koma mumapeza chiphaso ndi masitazi pamodzi. M'sukulu zambiri za boma malipiro amatengera zaka zimene mwagwira ntchito komanso maphunziro anu, kotero wa masitazi amayambira pamwamba pang'ono. M'chigawo cha New York nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri: chiphaso choyamba chimagwira ntchito zaka 5, ndipo kuti mupeze chachiwiri, chotchedwa Professional, pamafunika masitazi ndi zaka 3 za kuphunzitsa. Wokhala kumeneko akasankha njira yachidule amakhala wangokankhira masitaziwo m'tsogolo, adzawachitabe usiku atatopa ndi ana tsiku lonse.

Chowawa pa njira ziwirizi ndi chimodzi. Nthawi yophunzitsa moyang'aniridwa imatenga pafupifupi semesita yathunthu, kuyambira m'mawa mpaka ana ataweruka, ndipo kawirikawiri simulipidwa, pomwe fizi mukulipirabe. Kwa munthu wa banja apa ndi pamene pamavuta.

N'chifukwa chake ena amasankha njira yachitatu, yolowa ntchito kaye n'kumaphunzira madzulo. Chigawo cha New Jersey chinayamba njira yotereyi m'ma 1980, ndipo bungwe la Teach For America linatumiza aphunzitsi ake oyamba mu 1990, aliyense atalonjeza zaka ziwiri. Malipiro amabwera kuyambira mwezi woyamba. Koma kalasi yonse imakhala m'manja mwanu mutangophunzira masabata ochepa, nthawi zambiri m'sukulu zimene zikusowa aphunzitsi, momwe ana ake ndi amene akufunikira kwambiri munthu wodziwa ntchito. Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa. Kudziwa masamu n'kwina, kuzindikira pamene mwana wasokonezekera n'kwinanso, ndipo luso lachiwirili limabwera poonera mphunzitsi wakale tsiku ndi tsiku.

Ngati thumba likulola, ndingasankhe masitazi okhala ndi nthawi yaitali m'kalasi. Ngati silikulola, fufuzani mapulogalamu onga Boston Teacher Residency, yomwe inayamba mu 2003: mumakhala chaka chonse pambali pa mphunzitsi wodziwa, mukulandira kangachepe kothandizira.

Kawirikawiri mayeso simungawathawe pa njira iliyonse. Zigawo zambiri zimagwiritsa ntchito mayeso otchedwa Praxis, pomwe Texas ili ndi ake otchedwa TExES. Chenjeraninso ndi TEACH Grant, thandizo la boma kwa ophunzira uphunzitsi la pafupifupi $4,000 pachaka: mukapanda kuphunzitsa zaka 4 phunziro losowa aphunzitsi m'sukulu ya ana ochokera m'mabanja osauka, ndalamayo imasanduka ngongole, ndipo chiwongoladzanja amachiwerenga kuyambira tsiku limene munailandira.