Revolver yatsopano yafika yokalika: ndemanga itawombera zipolopolo 300

Mfuti imene ikukambidwa pano ndi revolver ya .357 Magnum, ya chitsulo chosachita dzimbiri, ya zipinda 6 zoikamo zipolopolo ndi mpope wa mainchi 4. Kolozera kake ka kumbuyo, kachitsulo koyang'anirapo polunjika chandamale, kamasunthika ndi sikuluu. Inagulidwa yatsopano m'bokosi, ndipo pofika lero yadya zipolopolo 300, za .38 Special 200 ndi za .357 Magnum 100, popeza imawombera mitundu yonse iwiri. Maganizo athu ndi akuti isungidwe, isabwezedwe. Komabe inafika ndi zilema zooneka ndi maso, ndipo munthu amene watulutsa ndalama ya mfuti yatsopano salakwa kukhumudwa nazo.

Pa mbale ya kudzanja lamanja la fulemu, thupi la mfutiyo, pali pokalika potalika masentimita 2, ndipo chikhadabo chikadutsapo chimakodwa pang'ono. M'kati mwa mphete yotchinga trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, muli mizere ya makina imene sanaisalaze. Sikuluu imodzi mwa zogwira mbaleyo ili ndi mutu wonyenyeka m'mphepete, umboni wakuti womanga anagwiritsa ntchito sikuludiraiva yosakwana. Chigwiriro cha mtengo chasiya mpata wa theka la milimita kumsana kwa fulemu. Zilembo za pa mpope zinalowa kwambiri koyambirira n'kuzilala chakumapeto. Imeneyi ndi ntchito yothamangira, ndipo woyang'ana katundu asanatuluke m'fakitale anayenera kuiona.

Koma kuopsa kwa chilema pa revolver kumadalira malo amene chili. Pokalika pa masentimita 5 m'mbali mwa fulemu sipasintha kawombedwe, pomwe kuphwanyika kochepa ngati nsonga ya singano pakamwa pa mpope kumatha kumwaza zipolopolo. Pa chilema chilichonse dzifunseni ngati pamalopo pamadutsa chipolopolo, mpweya wa onga, kapena chitsulo china choyenda. Zilema zisanu zija palibe chimene chili pa malo otere. Kuti zimenezi zitsimikizike, mfutiyi inayezedwa motere, ndipo aliyense angathe kuchita chimodzimodzi ndi tochi, thonje la pa kamtengo ndi feeler gauge, timapepala tachitsulo timene amakaniko amayezera mpata wa mapulagi. Musanayambe, tsegulani silinda, chitsulo chozungulira chimene chili ndi zipinda zija, onani zipinda zonse 6 ndi maso, ndipo zipolopolo zikhale kutali ndi tebulo limene mukugwirirapo ntchito.

Yambani ndi pakamwa pa mpope, pamene amisiri amati crown. Mphepete mwake muyenera kukhala mofanana kuzungulira konse, chifukwa chipolopolo chikamatuluka, mpweya wa kumbuyo kwake uyenera kuthawa mbali zonse nthawi imodzi. Mbali imodzi ikanyenyeka, mpweya umatulukira kumeneko kaye n'kupendeketsa chipolopolo. Zungulitsani thonje pamenepo: ulusi ukakodwa, pali chitsulo chotukuka. Chitani zomwezo polowera mpope, pa forcing cone, ndipo muunike ndi tochi ngati pali mng'alu, makamaka pansi pake, pamene pa mfuti zina chitsulo chimakhala chopyapyala. Pa mfutiyi thonje linadutsa osakodwa malo onse awiri.

Kenako mpata wa pakati pa silinda ndi mpope. Amisiri ambiri amafuna kuti ukhale pakati pa mamilimita 0.10 ndi 0.20. Ukachepa kwambiri, mwaye wa onga umadzaza pankhope pa silinda ndipo pakatha zipolopolo zingapo silinda imayamba kulemera pozungulira. Ukakula, mpweya wambiri umathawira m'mbali, liwiro la chipolopolo limatsika, ndipo woimirira pafupi amalasidwa ndi tizidutswa. Yezani kuchokera kumanja ndi kumanzere komwe, pa chipinda chilichonse, chifukwa kumbuyo kwa mpope kukhoza kudulidwa mopendekera. Apa zipinda zonse zinapereka mamilimita 0.15 mbali zonse ziwiri. Mukatero kankhirani silinda kutsogolo n'kuyeza, ikokereni kumbuyo n'kuyezanso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kusewera kwa silinda kumene amati endshake, ndipo pa mfuti yatsopano kusapitirire mamilimita 0.05. Kusewera kumeneku kumakulirakulira, popeza kuwombera kulikonse silinda imamenya fulemu ngati hamala. Pa iyi sikunafike n'komwe pa nambala imeneyo.

Kayendedwe ka silinda ndiko mtima wa revolver. Kokani hamala, kachitsulo ka kumbuyo komenya chipolopolo kuti chiphulike, pang'onopang'ono, kwinaku chala china chikukhudza silinda mopepuka kuti isathamange yokha. Muyenera kumva kachitsulo kotseka silinda kakugwera m'kadzenje kake hamala isanafike pomalizira. Hamala ikayamba kufika n'kutsala kuti muzungulitseko silinda ndi dzanja kuti itsekeke, ndiye kuti chipinda chikhoza kuwombera chisanalunjikane ndi mpope, chipolopolo n'kumetedwa m'mbali. Bwerezani pa zipinda zonse 6, poyamba pokoka hamala ndi chala chachikulu, kenako pokoka trigger yokha. Chipinda chimodzi chokha chikalephera, mfutiyo ibwerere. Musade nkhawa ngati silinda yotsekeka ikugwedera pang'onong'ono mbali ndi mbali, chifukwa ma revolver ambiri anapangidwa motero kuti chipolopolo chizidzilunjikitsa chokha polowa mu mpope.

Pali chilema chimodzi chimene ogula ambiri amachiika m'gulu la maonekedwe chabe, pomwe chimakhudza kawombedwe: mpope wopendekera. Pa ma revolver ambiri mpope umalowa mu fulemu ndi mazinga, ndipo womanga amaulimbitsa mpaka kolozera ka kutsogolo kaime chilili. Akapitiriza pang'ono kapena kulekeza msanga, kolozerako kamatsamira mbali imodzi. Masamu ake ndi osavuta. Nsonga ya kolozera ili pafupifupi mamilimita 20 pamwamba pa pakati pa mpope, choncho kupendekera kwa digiri imodzi kumaisuntha ndi mamilimita 0.35. Pa mpope wa mainchi 4, mtunda wa pakati pa zolozera ziwiri ndi pafupifupi masentimita 15. Pa chandamale cha mamita 25, kusuntha kochepako kumasanduka masentimita pafupifupi 6, ndipo madigiri awiri amapereka 12. Kolozera kakatsamira kumanzere, zipolopolo zimagwera kumanja. Pa mfuti ya kolozera ka kumbuyo kosunthika, digiri imodzi imakonzedwa ndi sikuluu, koma mukapeza kuti mwakankhira kolozerako mpaka kumapeto kuti mumenye pakati, kapena mfutiyo ndi ya zolozera zosasunthika, imeneyo ibwerere kufakitale ndipo musachite nayo manyazi. Poyeza, ikani rula yachitsulo mopingasa pamwamba pa fulemu ndi ina pamwamba pa mpope, muziyang'ane kuchokera kumbuyo. Pa mfutiyi marula awiriwo anagona mofanana, ndipo kolozera ka kumbuyo kanangosunthidwa pang'ono kuchoka pakati.

Ndodo yotulutsira makoko a zipolopolo nayonso iyang'anidwe. Silinda ili yotsegula, izungulitseni n'kupenya nsonga ya ndodoyo. Ikamavina mooneka, ndi yopindika, ndipo silinda idzalemera pa zipinda zina. Iyi inayenda mowongoka.

Zina zimene zimaopsa wogula koyamba si zilema n'komwe. Mzere wopyapyala wozungulira silinda, wolumikiza timaenje totsekera, umabwera chifukwa kachitsulo kotseka kamakhudza silinda ikamazungulira. Umatha kuoneka mfuti ikadali m'bokosi, ndipo ina iliyonse imene angakupatseni idzakhala nawo pakapita sabata. Mwaye wa m'zipinda ndi wa zipolopolo zoyesera kufakitale. Mphete zakuda pankhope pa silinda zimabweranso tsiku lililonse lowombera, ndipo kuzipala ndi chinthu chokhakhala kumadya chitsulo n'kukulitsa mpata uja pachabe.

Pa malo owombera, mfutiyi inachita zimene munthu amagulira revolver. Palibe chipolopolo chimene chinakana kuphulika, ndipo pobaya pa kumbuyo kwa makoko panali pakati komanso pakuya mofanana. Katoni itaimikidwa mbali zonse ziwiri za mpata wa silinda, pa mtunda wa chikhatho, inangoda ndi mwaye popanda tizidutswa ta mtovu kapena mkuwa. Zala zisayandikire mpata umenewu powombera, chifukwa mpweya wa .357 Magnum umang'amba mnofu. Itatsamiritsidwa pa thumba la mchenga, zipolopolo 6 za .38 Special zinkagwa m'bwalo la masentimita 7 pa mamita 25, ndipo panalibe chipinda choponyera kwachokha. Vuto limodzi linaoneka: makoko a .357 anayamba kulimba potuluka pambuyo pa za .38 zambiri. Mlandu si wa mfuti. Khoko la .38 Special ndi lalifupi ndi mamilimita oposa 3 pang'ono, choncho limasiya mphete ya mwaye m'chipinda, pamalo pamene khoko lalitali limafika. Burashi ya mkuwa ndi mankhwala otsukira zinathetsa zimenezo m'mphindi zochepa.

Tsono n'chifukwa chiyani osangoibweza kuti aisalaze, poti waranti ilipo? Chifukwa ulendo wobwerera uli ndi mtengo wake. Ogulitsa ambiri salandira mfuti imene yalembedwa kale m'dzina la wogula, ndiye imapita kwa opanga, ndipo kutumiza mfuti kuli ndi malamulo ake m'dziko lililonse. Mudzaidikira masabata, mwina miyezi. Kumeneko idzamasulidwa, kupanidwa ndi kudutsa m'manja ambiri, ndipo ikhoza kubwera ndi pokalika pena. Akaganiza zoipukuta pa makina, gudumu lopukutira limadya ngodya zakuthwa n'kufafaniza zilembo, ndipo chitsulo chochoka sichibwerera. Akasankha kukupatsani ina, ibwera ndi nambala ina, ndipo m'mayiko ambiri ndiye kuti mapepala a chilolezo ayambirenso. Choopsa koposa n'chakuti mfuti yatsopanoyo ikhoza kukhala yosalala kunja koma ya mpata wa mamilimita 0.28 kapena ya chipinda chochedwa kutsekeka. Kupereka revolver imene yapambana mayeso onse aja chifukwa cha pokalika pa masentimita 2 ndi malonda oluza, makamaka ngati mfutiyo izikhala m'chimake, momwe chikopa chidzaikala koposa apa m'chaka chimodzi.

Nkhani imasintha ngati mfutiyo ndi yozokotedwa kapena yopangidwa zochepa, yogulira kusunga, chifukwa pamenepo maonekedwe ndiwo mwalipira. Imasinthanso pa mfuti ya chitsulo chodetsedwa, chija chakuda mobiriwira, ngati pokalikapo pafika pa chitsulo choyera kapena pali dzimbiri lofukula timaenje. Mankhwala odetsera a m'botolo safanana mtundu ndi a kufakitale ndipo satchinga dzimbiri mokwanira. Mng'alu pena paliponse pa fulemu, silinda kapena mpope sufuna kukambirana: musawombere ngakhale kamodzi.

Pa zilema za mfutiyi, zambiri zimathera pa tebulo. Pokalika pa chitsulo chosachita dzimbiri cha mizere amapasalaza ndi kansalu kokhulira kotuwa, kofewa, pokhula mbali imodzi motsatira mizere ya fakitale, malo oyandikana atamatidwa tepi. Njira imeneyi siigwira pa chitsulo chosawala chopopedwa mchenga, pomwe imangosiya chigamba chonyezimira. Waya wachitsulo wokwechera asayandikire, chifukwa amasiya tizidutswa timene timachita dzimbiri pamwamba pa chitsulo chabwinocho. Chigwiriro chimachoka ndi sikuluu imodzi, ndipo opanga ambiri amatha kutumiza china, pamodzi ndi sikuluu ya mbale, mukawaonetsa zithunzi. Pomanga sikuluu yatsopanoyo pezani sikuludiraiva ya nsonga yosatsetsereka, yodzaza mpata wonse, ndipo mbaleyo isatukulidwe ndi chitsulo: mphepete mwake mukatukuka, mzere wolumikizira sudzabisikanso. Musanakhudze chilichonse, jambulani zilema zonse pa kuwala kwa masana, nambala ya mfuti ikuoneka, muwalembere opanga, ndipo lisiti musunge. Mukayamba mwakhula nokha, akhoza kunena kuti munakala ndinu.

Mayeso onsewa, kupatula kuwombera, amatheka pa kauntala m'mphindi 10, musanasaine pepala lililonse, ndipo pamenepo kukana mfuti kapena kupempha ina ya m'bokosi lina sikudya kanthu. Kwa ogula mtundu umenewu, tochi ndi feeler gauge zikhale m'thumba tsiku lokatenga.

Pa nyenyezi 5, tikuipatsa 4. Imodzi yachoka chifukwa cha sikuluu yonyenyeka ndi chigwiriro chosakwana, zimene sizinayenere kudutsa pakhomo la fakitale. Mizere ya m'kati mwa mphete ya trigger taisiya momwemo, popeza chala sichiimva powombera.