Metropolis: muyambe ndi nyimbo za Huppertz kapena za Moroder?

Mukafufuza Metropolis pa intaneti musadabwe kuipeza mitundumitundu, ina yaitali ina yaifupi, iliyonse ndi kaliridwe kake. Filimuyi ndi ya Fritz Lang, ndipo inaonetsedwa koyamba ku Berlin pa 10 January 1927, nthawi imene anthu a mu kanema ankangogwedeza milomo mawu osatuluka. Phokoso lonse linkachokera kwa oimba amene ankakhala kunsi kwa chinsalu choonetsera. Mwa nyimbo zonse zimene filimuyi yavekedwa, anthu amalimbirana ziwiri: za Gottfried Huppertz, zimene inabadwa nazo, ndi za Giorgio Moroder za mu 1984. Ine zonse ndazionera kangapo, ndipo mbali ndili nayo.

Huppertz sanachite kuitanidwa ntchito itatha ayi. Ankapezeka pojambulira pomwepo n'kumaimba piyano kuti ochita sewerowo ayende ndi kugunda kwake. Zimenezi mumazimva ndi thupi pachiyambi penipeni, pamene antchito a pa makina a pansi pa mzinda akusinthana, mitu ili zyoli, mzere wina ukulowa wina ukutuluka. Mapazi awo ndi nyimbo zimayendera limodzi ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, musi wina ukakwera wina watsika. Maria, mtsikana wolalikira antchitowo, ali ndi nyimbo yake, Freder, mwana wa wolamulira mzindawo, yake, ndipo zikabwereranso patsogolo mumazizindikira musanaone nkhope. Antchito akaukira, mumamva nyimbo ya fuko la France, La Marseillaise, koma yokhotakhota ngati yaledzera, kukuuzani kuti kuukira kumeneku sikuthera pabwino. Chiboliboli cha Imfa chikayamba kuyenda, akubweretsa Dies irae, nyimbo yakale ya pa misa ya maliro.

Palinso china chimene chinandikopa. Filimuyi inadulidwadulidwa itangotuluka, ndipo zidutswa zambiri zinasowa kwa zaka 80. Mu 2008 ku Museo del Cine, mu mzinda wa Buenos Aires, kunapezeka kope lakale lokandikakandika lomwe linali ndi mphindi pafupifupi 25 zimene anthu ankati zinapita. Pobwezeretsa zidutswazo m'malo mwake, akatswiri anadalira mapepala a nyimbo a Huppertz, poti anali atalembapo zimene zikuchitika pa chinsalu, apa wakuti walowa, apa wakuti wagwa. Nyimbo ndiye zinakumbutsa filimu mmene inalili. Yobwezeretsedwayo inaonetsedwa mu February 2010, Frank Strobel akutsogolera oimba a wailesi ya ku Berlin.

Chovuta chake n'chakuti ndi ulendo wautali, pafupifupi maola awiri ndi theka, ndipo malipenga ake sapuma. Pa sipika ya foni zonse zimangosanduka phala. Pezani mahedifoni, ndipo bandulo yanu ikhale yokwanira.

Moroder, Mtaliyana wotchuka pa disko, anachita zosiyana kwambiri. M'malo mosokera filimu chovala, anadula filimuyo kuti ikwane mu chovala chake. Anaifupikitsa kufika mphindi 80 ndi pang'ono, anaipaka mitundu, ndipo mawu olembedwa amene kale ankaimitsa zithunzi anawatsitsira m'munsi kuti nkhani izingothamanga. Kenako anaitana Freddie Mercury, Bonnie Tyler, Pat Benatar, Adam Ant ndi ena kuti aimbe. Amene anakula akuonera kanema m'zisakasa za vidiyo, za mafilimu omasuliridwa mu Chichewa zija, akudziwa zimene zimachitika wofotokoza akakhala wa pakamwa pokoma: mumasangalala ndithu, koma mumatuluka mukukumbukira iyeyo osati filimu.

Tisamunamizire, pali malo amene Moroder amaposa. Makina akamazungulira, kapena pamene loboti ya Rotwang, katswiri wopanga makina, ikusandutsidwa Maria, mikombero ya kuwala ikukwera ndi kutsika, kulira kwa zoimbira zamagetsi kumagwirizana ndi zithunzizo mochititsa nthumanzi. Vuto limayamba woimba akatsegula pakamwa. Brigitte Helm, amene anasewera ngati Maria, akulankhula ndi maso okha, wina ali kumbali kukuuzani mu Chingerezi zimene mukuyenera kumva. Pamenepo ine ndimatsitsa voliyumu. Ndipo ng'oma zake zimanunkha 1984, mwakuti lero zikumveka zokalamba kuposa za mu 1927. Komabe achinyamata ambiri a nthawiyo filimu yopanda mawu anailawira pa iyeyu.

Ziliponso za Jeff Mills za tekino ndi za Alloy Orchestra zomenya zitsulo, koma zimenezo ndi za mtsogolo mukakhuta. Zoti muthawe ndi makope amene wina anangomatapo nyimbo zilizonse. Ndinaonapo lina, madzi akumiza ana mu mzinda wa pansi, piyano ili kusangalala ngati pa chinkhoswe.

Ngati simunaionepo, yambani ndi ya 2010 ya Huppertz, ngakhale muigawe masiku awiri. Ya Moroder isungireni Loweruka madzulo pamene kwabwera anzanu osachedwa kutopa. Musanaitenge, yang'anani kutalika kwake: yopitirira maola awiri ndi mphindi 20 ndiye yobwezeretsedwayo.