Nyenyezi zitatu, koma zonsezo ndapatsa madala a kuseri

Ndikanalemba ndemangayi tsiku lomwe ndinapita ndi galimoto pa galaja imeneyi, bwenzi nditapereka nyenyezi imodzi, imodziyonso chifukwa choti poika ziro palibe. Pano mtima wakhalako pansi, koma achimwene a pa kauntala aja sindinawakhululukire.

Galimoto yake ndi Hilux ya dizilo, ija ya D-4D, ya 2012, yomwe ndimakagulira nyemba ndi uchi ku Rumphi. Ulendo uno tinapitirira Bolero mpaka ku Hewe, kenako alamu anga ochokera ku Joni anakakamira kuti sangabwerere asanaone Nyika. Ndiye tinalowera pa geti la Thazima n'kukwera mpaka ku Chelinda, mvula ili pakati. Amene munayendako nyengo imeneyi mukudziwa. Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 60 okha, koma ndi matope, miyala yosongoka, mabampu osatha, ndi timitsinje tosefukira tomwe timangodzidutsira pamsewu. Potsika, tisanafike n'komwe pa Rumphi boma, galimoto inali itayamba kudandaula.

Phokoso silinali limodzi. Ku tayala lakutsogolo lakumanzere kumamveka tswiii, kumasiya, kumayambiranso, ngakhale usanaponde buleki. Pa bampu iliyonse kumamveka gu! pansi pa mapazi a dalaivala. Pokhota kwambiri m'matope muja, galimoto ili mu 4H, muja matayala onse anayi amakoka, kumalira kha-kha-kha-kha. Ndipo titalowa mu M1, liwiro likangofika cha m'ma 90, chiwongolero chimanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Tinayenda choncho pang'onopang'ono kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, mpaka ku Lilongwe, wailesi ili chete, aliyense khutu lili pansi pa galimoto.

Zonsezi ndinazifotokoza bwinobwino pa kauntala. Achimwenewo sanadzuke n'komwe pampando. Maso ali pa foni, anangoti, "Tiika pa kompyuta, mayi, K45,000." Ndinalipira. Patapita kanthawi mnyamata wina anabwera n'kunena kuti kompyuta sinapeze kanthu. Apo m'pomwe achimwene aja anadzutsa mutu, n'kulengeza mosaphethira kuti ndiye kuti diff yakutsogolo, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiri akutsogolo, yatha. Galimoto asanaiyendetse, asanaisuzumire pansi, matope a ku Nyika adakali mbuu m'matayala. Kotesheni inatuluka nthawi yomweyo, yotentha, K2.6 miliyoni, katundu achokere ku South Africa, ndipereke theka tsiku lomwelo chifukwa "mukudziwa za forex, mawa mtengo ukhala wina."

Nditafunsa kuti adziwa bwanji kuti ndi diff, yankho lake ndi lomwe linandiwiritsa magazi. "Mayi, izi n'zovuta kukufotokozerani. Mwina muwaimbire abambo akunyumba tikambirane nawo."

Abambo akunyumba! Galimoto ndinagula ndekha, ndi ndalama za nyemba zanga, ndipo abambo akunyumbawo akafuna kupita ku maliro amachita kundipempha makiyi. Komanso sizifuna sukulu ya umakaniko kudziwa kuti kompyuta ija imangowerenga zomwe masensa a injini ndi a ABS anena. Ilibe makutu. Chitsulo chikamakhulana ndi chinzake pansi pa galimoto, iyo imangoti zonse zili bwino. Ndinawauza kuti andipatse makiyi anga ndizipita.

Galimoto inali itaimikidwa kuseri, ndiye anatuma bambo wina wachikulire, wa ovolosi yothimbirira ndi chipewa cha ubweya ngakhale kunali dzuwa, kuti ayibweretse kutsogolo. Anzawo onse amangowatchula kuti madala. Anayenda nayo chafutambuyo mamita ochepa chabe, tswiii uja n'kulira. Anaimika pomwepo, n'kutsika, n'kubwera pomwe ndinaima ndi mkwiyo wanga.

"Mayi anga, galimotoyi mwachokera nayo kuti?"

Ndinayankha mwaukali ndithu, chifukwa ndinaona kuti onse ndi amodzi. Iwo sanakhumudwe. Anangopitiriza kufunsa, ndipo mafunso awo ndi omwe anandibweza mtima. Phokosolo limathamanga ndi injini kapena ndi matayala? Mukaponda kilatchi n'kuisiya izingoyenda yokha, limasiya? Mukaponda buleki limasintha? Kha-kha-kha uja amamveka mukamakhotera mbali iti, ndipo mu 2H, matayala akumbuyo okha akamakoka, amamvekanso? Munawoloka madzi ofika pati? Mutafika pa phula munakumbukira kuichotsa mu 4H? Funso lomalizali analifotokoza okha ndisanafunse: Hilux ya mtundu uwu ilibe diff yapakati, ndiye ukaiyendetsa pa phula louma ili mu 4H, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakanganirana, galimoto imauma pokhota, ndipo zitsulo zam'kati zimapotokola mpaka china kuthyoka. Ine ndinali nditaichotsa phula lisanayambe, ndipo anagwedeza mutu kuti chabwino, chimenecho tachichotsapo.

Kenako anati, "Kwerani, tikaimvere limodzi. Galimoto sitiyeza itaima."

Kuseri kwa galajayi kuli bwalo lafumbi. Anatsitsa magalasi onse, n'kuika 4H, n'kupinda chiwongolero mpaka pothera, n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono akuponda mafuta pang'ono. Kukhotera kumanja, zii. Kukhotera kumanzere, kha-kha-kha-kha. Anamwetulira. "Ameneyo ndi CV joint, polumikizira pomwe pamapereka mphamvu ku tayala ngakhale likukhota, osati diff. Diff ikamatha siigogoda choncho pokhota pokha ayi, imalira wuuu, ndipo kulirako kumasintha mukaponda mafuta kapena mukachotsa phazi." Anaibweza mu 2H, tinatuluka panja, anakwera dala pa kabampu ndi tayala limodzi lokha, gu! uja n'kumveka. Anakweranso bampu ina matayala onse awiri pamodzi, phokoso n'kuchepa. Sananene kanthu, anangoti "ehe."

Titabwerera anaikweza pa jeki. Asanamasule tayala analigwira pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenako m'mbali, kuti aone ngati bearing kapena ma ball joint akusewera. Zinali zolimba. Analizunguza ndi dzanja, tswiii uja n'kumveka pompo, mopanda manyazi. Anamasula tayala, n'kuunika ndi tochi kuseri kwa disc ya mabuleki, komwe kuli kalata kopyapyala koteteza fumbi. Analowetsa sikuludiraiva, n'kukankha kalatako pang'ono, ndipo pansi panagwa kamwala. Kamwala koyera, koti n'kutsina ndi zala ziwiri. Anakatola, n'kukapukuta pa ovolosi, n'kundiika m'manja.

"Diff yanu ya mamiliyoni awiri ndi imeneyo, mayi."

Ndinaseka mpaka misozi, kuseka kwa munthu wokwiya. Anazunguzanso disc ija, zii.

Tayala lili pansi chomwecho, anandionetsa mkati mwa limu. Munali matope ouma ogwirana mbali imodzi, chibuma chenicheni, ndipo anati kunjenjemera kwa chiwongolero kuja n'kumeneko: tayala lalemera mbali imodzi, ndiye pa liwiro lalikulu limavina. Mankhwala ake ndi paipi ya madzi basi. M'limu momwemo munalinso madontho akuda a gilisi omwazikana mozungulira. Anandiuza kuti ndiwerame ndione ndekha. Kalabala kophimba CV joint, kaja amati boot, kanali katang'ambika, mwina ndi chitsa kapena mwala. Gilisi yense anali atathawa, m'malo mwake mutalowa matope ndi mchenga. Anati boot ikang'ambika n'kuiona msanga, umangosintha iyo yokha n'kuika gilisi watsopano, ndalama yochepa. Koma joint ikayamba kale kugogoda ndiye kuti mchenga wadya tizitsulo tam'kati, palibenso chochitira koma kugula ina. Gu! wa pa mabampu anapezeka kuti ndi stabilizer link, kachitsulo kogwira chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pokhota: anaitsendera ndi chitsulo chomasulira matayala, iyo n'kumangoti gwedegwede.

Chomwe chinandichititsa kuti ndisiye galimoto pa malo omwe ndinali nditalumbira kale kuti sindidzapondanso ndi ichi. Phokoso lonse litapezeka, madala aja sanaime. Anati popeza tinawoloka madzi ofika m'ma hub, tione oyilo wa ma diff onse awiri. Anamasula bawuti ya diff yakutsogolo, yomwe achimwene aja anali ataiimbira kale nyimbo za maliro. Oyilo anali bwinobwino, ndipo pa maginito a bawuti yotsitsira oyilo panalibe tizidutswa ta chitsulo, kungoti kaphala kakuda kosalala komwe anati n'kachibadwa. Atamasula yakumbuyo, yomwe sinalire n'kamodzi komwe, munatuluka zinthu zooneka ngati tiyi wamkaka. Madzi. Anafotokoza kuti diff imakhala yotentha ukayenda mtunda wautali, ndiye ukailowetsa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wam'kati umanyala, n'kukoka madzi kudzera pa kapaipi kopumira kapena m'ma seal. Pa Hilux, kopumira ka diff yakumbuyo kali pa ekiselo penipeni, pansi zedi. Ndikanapitiriza kunyamula matumba a nyemba ndi oyilo ameneyo, diff yomwe ikanathadi ndi yakumbuyoyo, ndipo pa kotesheni ya K2.6 miliyoni ija panalibe n'chilembo chimodzi chomwe chonena za iyo.

Ndiye pamenepa ndinene chilungamo: ntchito yomwe inagwiridwa ndi yabwino. CV joint yatsopano, osati ya Toyota yeniyeni koma ya mtundu wodziwika, ndipo anandionetsa bokosi lake asanaike. Ma link onse awiri, oyilo wa ma diff ndi wa transfer case, gilisi pa ma nipple onse a propshaft, kutsuka kunsi, ndi kubalansa matayala. Zonse pamodzi K430,000. Ndi mmene zinthu zakwerera chigwereni kwacha mu November 2023, sindinganene kuti anandibera. Zitsulo zakale anandiikira m'jumbo ndisanapemphe, zomwe m'magalaja ambiri mumachita kukanganirana.

Koma kutsogolo kuja zinthu sizinasinthe. Nditabwerera pa kauntala n'kuika kamwala kaja pa kotesheni yawo, achimwenewo sanapepese. Anati, "Eya, ifenso timafuna tionetsetse kaye tisanaitanitse." Kuonetsetsa kwake kuti, poti amafuna theka la ndalama tsiku lomwelo? Ndipo ndili pomwepo ndinawamva akukalipira madala aja pakhomo la kuseri, ati asamalankhule ndi makasitomala popanda chilolezo. Mnyamata woti n'kukhala mdzukulu wawo, kumawaloza chala pamaso pa anthu. Madalawo anangovula chipewa n'kubwerera ku ntchito. Zinandiwawa kuposa za abambo akunyumba zija.

K45,000 ya kompyuta anakana kuichotsa pa bilu, ati makina anagwira ntchito yake. Anandilonjeza Lachisanu, galimoto ndinakaitenga sabata yotsatira, chifukwa CV joint yoyamba yomwe anaitanitsa inali ya mano osagwirizana ndi ya galimoto yanga, ndipo palibe anandiimbira kundiuza. Ndinachita kudziwa nditafika kale ndi kabaza. Dizilo ndinasiya ali pa theka, ndinamupeza atatsika moonekeratu, masiku amenewo dizilo tinkachita kugonera pa mzere. Nditafunsa, ati ndi road test. Road test yake yofika ku Salima? Pa mpando wa dalaivala panali chidindo cha gilisi, pepala lophimbira mpando alibe. Lisiti ya EFD ndinachita kuikakamira, poyamba amafuna kundipatsa kapepala kolemba pamanja.

Kwa anzanga oyenda m'misewu ya fumbi, kaya ku Nyika, ku Vwaza kapena kukwera Golodi kupita ku Livingstonia: mukamva phokoso, yambani mwatsukitsa kunsi kwa galimoto ndi mkati mwa malimu musanapite kwa makaniko aliyense, chifukwa matope amabisa zambiri ndipo ena mwa mavutowo ndi matope omwewo. Ndipo munthu wofuna kukugulitsani diff kapena giyabokosi asanakwere nanu m'galimoto kukamvera phokosolo, musamupatse ngakhale tambala. Pa galaja iyi mukapita, dutsani pa kauntala mwaulemu, koma nenani kuti mukufuna galimoto ionedwe ndi madala a chipewa cha ubweya, inu muli pomwepo. Akakana, tulukani.

Chitengereni galimoto ndayenda nayo ku Ntchisi ndi katundu wodzaza, m'misewu yoipa ndithu, ndipo kha-kha-kha ndi gu! sanabwerenso. Chiwongolero chili phee ngakhale pa 110. Chatsala ndi mzere womwe kamwala kaja kanalemba pa disc. Madala anati si wakuya, ndikhoza kuyenda nawo mpaka nthawi yosintha ma pad. Achimwene a pa kauntala anditumizira kale uthenga pa WhatsApp kuti ma disc onse awiri akufunika kusintha "mwamsangamsanga", mtengo wake uli pomwepo. Sindinawayankhe, ndipo mtengo wa disc ndafunsa kale kwina ku Biwi.