FreshRSS ndi wallabag pa Synology DS224+: kusunga zowerenga pakhomo pako

Pa 8 July 2025 Mozilla inatseka Pocket, pulogalamu imene anthu ambiri ankasungiramo nkhani za pa intaneti kuti adzaziwerenge akapeza mpata. Aka sikanali koyamba, chifukwa Google Reader inatsekedwa pa 1 July 2013, ndipo Omnivore, imene ambiri anali atangoyamba kuizolowera, inasiya kugwira ntchito chakumapeto kwa 2024. Chowawa pa nkhani ya Pocket chinali chakuti fayilo imene anthu analoledwa kutenga inali ndi mitu ndi maadiresi a nkhani basi, osati nkhani zenizenizo, choncho tsamba lililonse limene linali litachotsedwa kale pa intaneti linatayika. N'chifukwa chake ndinasankha kuika mapulogalamu awiri aulere, FreshRSS ndi wallabag, pa kabokosi kosungira mafayilo ka m'nyumba, kamene anthu amangokatchula kuti NAS, ndipo pano ndifotokoza mmene ndawaonera.

Kabokosi kanga ndi Synology DS224+, kamene kamalowa ma hard disk awiri, kali ndi purosesa ya Intel Celeron J4125, ndipo kamabwera ndi RAM ya 2 GB imene mungaiwonjezere kufika pa 6 GB. Kuyambira pa DSM 7.2 (DSM ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina a Synology), pulogalamu ya Docker, imene imayendetsa pulogalamu iliyonse m'kachipinda kakekake kotchedwa kontena, imatchedwa Container Manager, ndipo ili ndi gawo lotchedwa Project mmene mumalemba fayilo imodzi ya compose yofotokoza zonse zofunika, makinawo n'kudzitengera okha zotsalazo. Munthu amene sanaonepo fayilo yotere angachite nayo mantha poyamba, koma ndi mizere yochepa ndipo chitsanzo chake chili kale m'malangizo a mapulogalamu onse awiri. Chofunika kukumbukira n'chakuti DSM imagwiritsa ntchito kale mapoti (manambala a makomo olowera pa netiweki) 5000 ndi 5001, komanso 80 ndi 443, choncho pulogalamu iliyonse iyenera kupatsidwa poti yakeyake, monga 8080 kapena 8081.

FreshRSS ndiyo ndaikonda kwambiri, ndipo sindikayika kuiyamikira. Inayambitsidwa ndi Marien Fressinaud, inalembedwa mu PHP, ndipo ntchito yake ndi kuzungulira masamba onse amene mwaiuza n'kukusonkhanitsirani nkhani zatsopano pamalo amodzi, motsata nthawi imene zinatuluka, popanda wina kukusankhirani zoti muone. Kwa munthu mmodzi kapena banja, database yaing'ono ya SQLite (mosungiramo nkhanizo) imene imabwera nayo ndi yokwanira, ndipo simufunikira kuika database ina pambali. Ngati munali ndi mndandanda wa masamba m'pulogalamu ina, mumangoulowetsa kudzera mu fayilo ya OPML ndipo magulu anu onse amabwera mmene munawasanjira. Masamba ambiri a nkhani anamangidwa pa WordPress, ndipo kwa oterowo kuwonjezera /feed kumapeto kwa adiresi nthawi zambiri kumakwanira, ngakhale tsambalo lisaonetse chizindikiro cha RSS (njira imene masamba amalengezera nkhani zawo zatsopano ku mapulogalamu ngati FreshRSS) paliponse.

Pali mizere iwiri mu fayilo ya compose imene siyenera kuiwalika. Woyamba ndi CRON_MIN, umene umauza pulogalamuyo mphindi zoti izipita kukatenga nkhani. Mukalemba 1,31 izipita kawiri pa ola, koma mukausiya osalemba, nkhani sizibwera zokha mpaka mutadina batani nokha. Wachiwiri ndi TZ, ndipo kwa ife a kuno ndi Africa/Blantyre kapena Africa/Lusaka, kuti nthawi yolembedwa pa nkhani izigwirizana ndi wotchi ya pakhoma. Kenako, kuti foni izitha kulumikizana ndi FreshRSS, muyenera kulola API (khomo limene mapulogalamu ena amalowera polankhula nayo) m'gawo la Authentication ndi kuika mawu achinsinsi apadera a API pa akaunti yanu, osiyana ndi olowera pa tsamba. Mukatero, mapulogalamu a pa foni monga FeedMe pa Android kapena NetNewsWire pa iPhone amalumikizana nayo kudzera pa adiresi yothera ndi /api/greader.php, ndipo nkhani imene mwaiwerenga pa foni imaoneka yowerengedwa pa kompyuta.

Chimene chinandikopa zedi ndi mmene FreshRSS imachitira ndi masamba oumira, amene amangotumiza mutu ndi chiganizo chimodzi kuti mukakamizike kupita kwawo. Pa tsamba lililonse mungathe kulemba CSS selector (dzina lolozera mbali ya tsamba) ya gawo limene muli nkhani yeniyeni, ndipo pulogalamuyo imakatenga nkhani yonse n'kuiika patsogolo panu yopanda zotsatsa malonda. Ngakhale tsamba lopanda RSS n'komwe lingathe kutsatidwa pogwiritsa ntchito XPath (njira yolozera pamene nkhani zili m'tsambamo), ngakhale kuti apa pamafunika kuleza mtima, ndipo eni tsamba akasintha kamangidwe kake muyenera kukonzanso. Maonekedwe a FreshRSS si okongola kwenikweni ndipo zosankha zake n'zochuluka moti zina zimabisala m'makona, koma imathamanga, ndipo RAM imene imadya ndi yochepa kwambiri.

Za wallabag ndili ndi maganizo awiri. Inayambitsidwa ndi Nicolas Lœuillet mu 2013, ndipo imachita chimene Pocket inkachita: mumaipatsa adiresi, iyo imakatenga mawu a nkhaniyo n'kuwasunga pa diski yanu, kuti ngakhale tsamba loyambalo litafa, nkhaniyo ikhalebe. Mungathe kuika zizindikiro za magulu, kudula mzere pansi pa mawu ofunika, kulemba ndemanga zanu m'mbali, ndiponso kutulutsa nkhani ngati EPUB kapena PDF. Ili ndi njira yolandirira zosungidwa zochokera ku Pocket ndi ku Instapaper (pulogalamu ina yofanana ndi Pocket), ndipo amene ali ndi kachipangizo kowerengera mabuku kokhala ndi KOReader angathe kukokera nkhani zawo mmenemo mwachindunji. Mu FreshRSS muli kale batani lotumizira nkhani ku wallabag, choncho awiriwa amagwirizana bwino: wina amasonkhanitsa, wina amasunga.

Komabe wallabag imafuna chisamaliro chochuluka kuposa inzakeyo. Inamangidwa pa Symfony (maziko omangirapo mapulogalamu a PHP), ndi yolemererapo, ndipo pa makina a 2 GB amene akugwiranso ntchito zina mumaona kuti tsamba limatenga kanthawi kuti litseguke. Mzere wa SYMFONY__ENV__DOMAIN_NAME uyenera kufanana ndendende ndi adiresi imene mudzalowere, pamodzi ndi http kapena https ndi nambala ya poti, apo ayi tsamba limatseguka lamaliseche, mawu okhaokha opanda maonekedwe. Imabwera ndi dzina lolowera wallabag ndi mawu achinsinsi wallabag, zimene ziyenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Zithunzi sizisungidwa pa diski yanu pokhapokha mutayatsa nokha chosankha chimenecho, ndipo ine ndikuona kuti chinayenera kukhala choyatsidwa kuyambira pachiyambi, popeza nkhani yosungidwa imene zithunzi zake zikudalirabe tsamba la eni ake sinasungidwe yonse. Masamba olipiritsa ndi amene amadalira kwambiri JavaScript nthawi zina amakanika kutengeka, ndipo mukakweza pulogalamuyo kupita ku mtundu watsopano pamafunika kulemba lamulo la doctrine:migrations:migrate kuti database igwirizane nawo. Palibe chovuta kwambiri pa zonsezi, koma si zinthu zoti munthu angoika n'kuiwala.

Ubwino waukulu wa wallabag ndimauona pa foni. Pulogalamu yake ya Android imakokera nkhani zonse m'foni mukakhala pa Wi-Fi ya kunyumba, ndiye mumawerenga mu minibasi kapena pamzere wa kubanki osadya bandulo ngakhale pang'ono, ndipo ingathenso kukuwerengerani mokweza nkhani za Chingerezi. Kwa munthu amene amagula data mowerengera, ichi chokha n'chifukwa chokwanira.

Kulowa muli kutali ndi kunyumba ndi nkhani ina. Makampani ambiri a intaneti, makamaka a rauta zoyendera SIM khadi, amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi kudzera mu CGNAT, choncho kutsegula poti pa rauta sikuthandiza, ndipo ngakhale kukanathandiza sindingalangize munthu kuika kabokosi kokhala ndi zithunzi za banja poyera pa intaneti. Tailscale, imene imapezeka mu Package Center ya Synology, imathetsa vutoli polumikiza foni ndi NAS mwachinsinsi popanda kukhudza rauta. Za magetsi nazo n'zosathawika: akazima mwadzidzidzi database ikulembedwa, ingathe kuwonongeka, choncho UPS (batire logwirizira makina magetsi akazima) yolumikizidwa ndi chingwe cha USB, imene imauza DSM kuti idziteteze batire lisanathe, si chinthu chongowonjezera. Dziwaninso kuti makontena akamayenda, madiski sagona kawirikawiri, motero kabokosiko kamangong'ung'udza usiku wonse ndipo si koyenera kuchipinda chogona.

Madiski awiri osungirana zofanana amakutetezani diski imodzi ikafa, koma ali ngati nkhokwe ziwiri zogundana pabwalo limodzi, zimene moto umodzi ungazipsereze zonse. Mafoda a data a mapulogalamu awiriwa ayenera kukoperedwa kwina ndi pulogalamu ya Synology yotchedwa Hyper Backup, kaya pa diski ya USB imene imasungidwa padera kapena pa intaneti, ndipo ndi bwino kutulutsa fayilo ya OPML nthawi ndi nthawi.

Amene ali kale ndi NAS yotha kuyendetsa Container Manager aike FreshRSS mosazengereza, ndipo wallabag aiwonjezere ngati amawerengadi nkhani zazitali ndipo ali wokonzeka kuisamalira, makamaka atawonjezera RAM. Amene alibe NAS asagule chifukwa cha mapulogalamu awiriwa okha, popeza laputopu yakale kapena Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) imawayendetsa bwinobwino, ndipo wallabag.it imapereka wallabag yomweyo pa malipiro kwa amene safuna kusamala makina.