Chitsulo, auger kapena drill: kuyeza ayezi wa panyanja mu Marichi

Kwa anzathu amene mumawedza pa ayezi ku Minnesota (America) kapena ku Ontario (Canada), Marichi ndi mwezi wachinyengo. Ayezi amakhala adakali wochindikala, koma dzuwa limakhala litayamba kumudya m'kati. Malangizo a DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, akuti munthu angayende pa ayezi wa masentimita 10, ndipo Red Cross ya ku Canada imati 15, amanena za ayezi watsopano, woonekera mpaka pansi. Woyera uja, wosakanikirana ndi chipale chofewa, mphamvu zake ndi theka chabe.

Auger, chipangizo chozungulitsa choboolera dzenje pa ayezi, ndiyo imaonetsa zambiri. Dzenje lake limakhala lotakasuka masentimita 15 kapena 20, moti mukasuzumira mumaona pamene ayezi woyera wathera ndi pamene woonekera wayambira. Kowetsani tepi yoyezera kunsi kwa ayeziyo, werengani, kenako gawo loyeralo muliwerengere theka. Vuto la auger ndi kulemera. A DNR amati muziyeza pa mamita pafupifupi 45 alionse, ndipo ndi auger yamanja mapewa amayamba kudandaula musanafike pomwe pali nsomba.

Drill ya batire yokhala ndi msomali wautali woboolera matabwa imaboola msangamsanga, choncho simuchita ulesi kuyeza pafupipafupi. Koma kabowo kake n'kakang'ono, simuona za m'kati, ndipo batire limatha msanga pozizira. Lisungeni m'thumba la m'kati mwa jekete. Onaninso zomwe msomaliwo ukutulutsa: zikakhala zouma ngati ufa, zili bwino, zikatuluka zonyowa, zophatikaphatika, ayeziyo wayamba kuwola.

Za rada, makina oyeza kuchindikala kwa ayezi popanda kuboola, ndingodutsapo. Amaigwiritsa ntchito pa misewu ya pa ayezi monga wa Tibbitt to Contwoyto kumpoto kwa Canada, komwe kumadutsa malole olemera. Mtengo wake si wa ife owedza Loweruka.

Tsono spud bar, chitsulo chachitali chosongoka kunsonga. Anthu amachipeputsa chifukwa pa ayezi wochindikala sichikupatsani nambala, koma kumapeto kwa nyengo yozizira ine ndimachiika patsogolo. Ayezi akamawola amagawikana timizatimizati toimirira, ndipo angathe kukugwetserani m'madzi ngakhale tepi ikunena masentimita 30. Tepi siizindikira zimenezo, chitsulo chimazindikira. Menyani mwamphamvu patsogolo panu musanaponde. Ayezi wabwino amalira kuti nge, nsonga n'kungomukanda. Wowola amalira mogontha, amanyenyeka, madzi n'kubwera pamwamba. Chikalowa ndi kumenya kamodzi kapena kawiri, bwererani m'mapazi mwanu momwemo. Chingwe chake muzichikulunga padzanja, apo ayi chidzapita pansi pa nyanja.

Mukafuna kunyamula ziwiri zokha, tengani chitsulo ndi drill, ndipo muyambe kugogoda m'mphepete mwenimweni ndi pamathiriro a mitsinje, pakuti mpamene ayezi amayambira kufooka. Auger ndi ya pamalo pamene mwasankha kukhala n'kuponya mbedza.