Ndemanga pa bulangete losunga kutentha ndi paipi yotenthetsa mpweya wa ng'anjo ya galasi

Pamalo athu a ntchito ku Moatize timasungunula mabotolo osweka n'kuumba matambula ndi mikanda, ndipo ndalama zambiri zimathera pa gasi, chifukwa galasi lotere limafuna madigiri pafupifupi 1,200 kuti lifewe mokwanira. Tinagula mumzinda wa Tete bulangete la ceramic fibre (ulusi wosapsa ndi moto wokutira ng'anjo) lolembedwa kuti limapirira madigiri 1,260, ndipo mmisiri wa sitolo yomweyo anatiikira paipi yachitsulo yodutsa m'chumuni, kuti mpweya wopita kumoto uziyamba watenthedwa ndi utsi wotuluka.

Mwa ziwirizi, paipiyo ndiyo yandikhutiritsa koposa. Nzeru yake ndi yakale ndithu, pakuti mu 1856 Friedrich Siemens, katswiri wa ku Germany, analembetsa ng'anjo yosunga kutentha kwa utsi m'njerwa, ndipo mafakitale aakulu amene amasungunula mchenga, soda ndi laimu pa madigiri pafupifupi 1,500 akutsatabe njira imeneyi, akumatembenuza lawi pakatha mphindi pafupifupi 20 zilizonse. Yathu ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, komabe ng'anjo ikufulumira kupsa m'mawa, ndipo botija (silinda ya gasi) ya makilogalamu 45 ikutifikitsa patali kuposa kale.

Bulangete nalo likugwira ntchito yake. Kale khoma la ng'anjo linkawaula ubweya wa pamkono munthu akaima pafupi, moti mu Okutobala, pamene dzuwa la kuno silichita chifundo, anyamata ankathawira panja kawirikawiri. Tsopano amatha kugwira ntchito pambali pake mpaka masana.

Chodandaulitsa n'chakuti wogulitsa sanafotokoze kuti bulangeteli siliyenera kukhudzana ndi galasi losungunuka. Chidutswa chimene mmisiri anaika pakhomo la ng'anjo, pomwe galasi limadonthera, chinadyeka n'kuyamba kunyenyeka, ndipo matambula ena anatuluka ndi timadontho toyera mkati, osagulitsika. Fumbi lake limayabwa pakhungu komanso n'loopsa kumapapo, koma m'katoni munalibe magolovesi kapena chophimba kumphuno, zomwe pa mtengo umene tinalipira zinayenera kukhalamo.

Amene ali ndi ng'anjo yonga yathu angathe kugula ziwiri zonsezi, koma aumirire kuti bulangete liikidwe kuseri kwa njerwa zosamva moto, ndipo ngati ndi lokhuthala mamilimita 25 okha, aliyale mophatikiza kawiri, makamaka padenga pomwe kutentha kumathawira kwambiri.